Mafunso a Owerenga: Komiti ya Chionetsero Chathu Yang'ambika Pakati

FUNSO

Akonzi,

Ndine mlembi wa komiti yomwe imakonza chionetsero cha pachaka cha anthu okonda makatuni, mabuku a nkhani zojambula, anime (makatuni a ku Japan) ndi masewera a pakompyuta kuno ku Harare. Ambiri mwa ife ndife zidzukulu za anthu omwe adabwera kuno kuchokera ku Malawi, Zambia ndi Mozambique, ndipo tidakulira ku Mufakose, Mbare, Highfield ndi Mabvuku. Chomwe chidatisonkhanitsa poyamba chidali chikhumbo chakuti achinyamata odziwa kujambula apeze poonetsera luso lawo, komanso kuti nkhani zojambula za m'Chichewa zizioneka pambali pa za Chishona ndi Chingerezi. Palibe amene amalandira malipiro. Tonse timagwira ntchitoyi tikaweruka kwina.

Amene adayambitsa chionetserochi ndiwo apampando athu mpaka lero, ngakhale kuti sitidachitepo chisankho. Adayamba ndi matebulo owerengeka m'holo ya tchalitchi, akunyamula okha mipando ndi kugula mafuta a jenereta ndi ndalama za m'thumba mwawo, ndipo zimenezi palibe angazikane. Koma chionetserochi chakula pamene kayendetsedwe kake kadakali komweko. Ndalama za matikiti ndi za matebulo a ogulitsa zimalowa pa nambala yawo ya EcoCash (njira yotumizira ndalama pafoni), yomwenso amagulira magetsi a kunyumba kwawo. Tsamba lathu la Facebook ali nalo okha. Mgwirizano ndi eni ake a holo adasaina okha. Msungichuma wathu adali wa dzina chabe, sadagwirepo ndi senti yomwe.

Mkangano udayamba chaka chatha pamene anyamata ndi atsikana odzipereka, omwe adaima pageti tsiku lonse, adabwerera kwawo osalandira chakudya chamasana ndi ndalama ya kombi (minibasi) zomwe adalonjezedwa. Mkulu wawo atadandaula pamsonkhano adamuyankha mokalipa, ndipo iye adatula pansi udindo. Chaka chino woyang'anira pulogalamu adaitana ojambula awiri a ku Bulawayo komiti itavomereza, koma apampando adawaimbira foni mwamseri n'kuwauza kuti asabwere chifukwa ndalama palibe. Apa m'pamene msungichuma adapempha kuti aone mmene ndalama zayendera. Yankho lidali lakuti, "Ndiye kuti mukundiyesa wakuba?" Mawu adachuluka pagulu lathu la WhatsApp, wina adajambula zokambiranazo n'kuzitumiza kunja, msungichuma adasiya ntchito, ndipo apampando adachotsa anthu atatu pagulupo usiku womwewo. Panopa pali magulu awiri, lililonse likudzitcha komiti.

Kwatsala masabata ochepa kuti chionetsero chichitike. Eni holo akufuna ndalama zawo zotsala, ogulitsa omwe adalipira matebulo akundiimbira foni, ndipo matikiti akugulitsidwabe. Anzanga ena akuti tilembe zonse pa Facebook kuti anthu adziwe zoona. Ena akuti tiyambitse chionetsero chathu, cha dzina lofananako, pa masiku omwewo. Ine ndili pakati. Apampandowa ndimawatenga ngati achimwene anga, tidakulira mpingo umodzi, ndipo mumtima mwanga sindikhulupirira kuti adaba. Koma sindingathenso kuwaikira kumbuyo pa zinthu zomwe sindidazione ndi maso anga. Chomwe ndili nacho ndi kope lomwe ndakhala ndikulembamo zokambirana za misonkhano yathu. Ndichite chiyani?

Mlembi wothedwa nzeru, Mufakose

YANKHO

Achemwali,

M'kalata yanu muli milandu itatu yomwe yalukana: ndalama za anthu, ulamuliro wa gulu, ndi mitima yomwe yapwetekana. Anzanu ambiri akufuna kuyamba ndi wachitatuwo chifukwa ndiwo ukuwawa kwambiri, koma ine ndikukupemphani kuti muyambe ndi woyamba, popeza eni ake a ndalamazo mkanganowu sukuwakhudza. Mayi yemwe wakhala akusoka zovala za cosplay (zovala zotsanzira anthu a m'makatuni ndi m'masewera) mpaka pakati pa usiku kuti adzagulitse patebulo lomwe adalipira, ndi mwana wa sukulu yemwe adasunga timadola take kuti agule tikiti, sadalakwire apampando kapena msungichuma, ndipo sayenera kuvutikira mlandu womwe sakuudziwa n'komwe.

Choyamba, kugulitsa matikiti kuime lero lomwe mpaka mutadziwa ngati chionetsero chichitikadi, chifukwa tikiti iliyonse yogulitsidwa panopa ikuwonjezera ngongole yomwe kukula kwake simukukudziwa. Kenaka itanitsani msonkhano wa nkhani imodzi yokha, yomwe ndi kuwerengera ndalama. Usakhale msonkhano wofunsana kuti adayamba kutukwana ndani, nkhani imeneyo idzakambidwa tsiku lina. Apampando abwere ndi sitetimenti ya nambala yawo ya EcoCash kuyambira tsiku lomwe matikiti adayamba kugulitsidwa, malisiti onse omwe ali nawo ngakhale ofufutika, ndi pepala la mgwirizano wa holo. Inu mubwere ndi mndandanda wa ogulitsa onse omwe akuti adalipira, pamodzi ndi mauthenga a pafoni otsimikizira malipiro awo. Msungichuma yemwe adasiya uja mumupemphe mwaulemu kuti abwere tsiku limenelo lokha, pakuti iye ndiye adafunsa funsolo ndipo n'koyenera kuti yankho alimve ndi makutu ake.

Papepala mulembe zinthu zitatu, zomwe zalowa, zomwe zatuluka ndi ngongole zomwe zatsala, ndipo madola a ku America ndi ZiG, ndalama ya ku Zimbabwe kuno, muwerengere padera osasakaniza. Izi ndikuzinena motsindika chifukwa chiyambireni ZiG mu April 2024 mikangano yambiri ya m'magulu imabadwira posinthira pomwepa: wina adalipira ZiG tsiku lina, ndalamayo idasinthidwa tsiku linanso pa mtengo wosiyana, ndipo pamapeto pake pakuoneka mpata womwe palibe akuumvetsa. Mukumbukirenso msonkho wa pa ndalama zotumizidwa pafoni ndi pabanki, womwe boma lidauika pa 2 peresenti mu October 2018, komanso ndalama zomwe kampani ya foni imadula nthawi iliyonse mukatumiza kapena kutapa. Kawirikawiri mpata womwe anthu amauyesa umbava umapezeka kuti ndi zodulidwa zimenezi, ndi mafuta a jenereta, ndi ndalama zosindikizira zikwangwani zomwe munthu adalipira ali m'changu osatenga lisiti. Nthawi zina umakhaladi umbava. Inu mwanena kuti mumtima simukukhulupirira kuti adaba, ndipo anzanu ena mumtima akukhulupirira kuti adaba. Nonsenu mukulankhula chopanda umboni mpaka tsiku lomwe mudzaone manambala.

Msonkhano umenewu usatsogoleredwe ndi munthu wa mbali iliyonse. Funani mkhalapakati wodziwa mabuku a ndalama, yemwe alibe tebulo pa chionetsero ndiponso alibe mbale m'komiti. Akhoza kukhala mkulu wa mpingo, mphunzitsi wa masamu kapena msungichuma wa sosaiti ya maliro ya m'dera mwanu.

Manambala akaoneka, mudzakhala ndi njira zitatu: kuchita chionetsero monga mudakonzera, kuchichepetsa n'kupita nacho ku holo yaing'ono kwa tsiku limodzi, kapena kuchisuntha n'kubweza ndalama za anthu. Chisankhochi muchipange m'masiku ochepa, musachikankhire kutsogolo poyembekezera kuti mwina matikiti a pageti adzatseka dzenje. Mbiri ya misonkhano ya mtundu uwu ili ndi zitsanzo zopweteka za chiyembekezo choterocho. Mu July 2014, ku Schaumburg m'chigawo cha Illinois ku America, kudachitika msonkhano wotchedwa DashCon, wa achinyamata okonda tsamba la Tumblr. Usiku woyamba okonza msonkhanowo adaima pamaso pa anthu omwe adali atalipira kale matikiti n'kuwapempha kuti asonkhe madola 17,000 nthawi yomweyo, ponena kuti apo ayi hotela iwatulutsa. Alendo ena oitanidwa adachoka osaonekera kwa anthu chifukwa sadalipidwe, ndipo msonkhanowo sudachitikenso chaka chotsatira. Mu April 2018, Universal FanCon ya ku Baltimore, yomwe idasonkhetsa madola oposa 50,000 kudzera pa tsamba losonkhetsera ndalama la Kickstarter, idaimitsidwa kutatsala sabata imodzi yokha, anthu atagula kale matikiti a ndege ndi kulipira malo ogona, ogulitsa atakonza kale katundu wawo.

Anthu amakhululukira chionetsero chomwe chachepetsedwa kapena kusunthidwa ngati auzidwa nthawi ikadalipo, koma sakhululukira kusungidwa m'chimbulimbuli mpaka tsiku lomaliza. Mukasankha kubweza ndalama, aliyense abwezeredwe ndalama ya mtundu womwe adalipira, wa madola madola, wa ZiG ZiG, ndipo ngati sizikukwanira, mulembe ndondomeko yoonetsa kuti ayamba kulandira ndani ndipo otsalawo adzalandira liti. Ndingalangize kuti ayambe ogulitsa ang'onoang'ono, chifukwa iwo ndalama ya tebulo idali mpamba wawo. Dziwaninso kuti lamulo loteteza ogula la 2019 lilipo, ndipo munthu yemwe sadabwezeredwe ndalama yake akhoza kukasuma ku khothi la milandu ing'onoing'ono popanda kuwononga zambiri.

Tsopano za apampando anu. Pali chinthu chimodzi chomwe mwina sadachiganizire, ndipo apa m'pomwe mungayambire mukapita kukacheza nawo. Popeza gulu lanu lilibe malamulo olembedwa, n'kovuta kuti khothi lilisiyanitse ndi anthu omwe ali m'menemo. Amene adasaina mgwirizano wa holo ndi iwo, nambala yomwe idalandira ndalama za anthu ndi yawo, ndiye zinthu zikavuta, eni holo ndi ogula matikiti adzalondola munthu yemwe dzina lake lili papepala. Mphamvu zonse zomwe akukakamirazo zikutanthauzanso kuti ngongole yonse ili pamutu pawo okha. Zimenezi musawalembere pa WhatsApp. Pitani kunyumba kwawo, mutengane ndi munthu wamkulu yemwe iwo amamulemekeza, ndipo muwauze monga mlongo wawo kuti kutsegula mabuku kukuteteza iwo kuposa wina aliyense.

Ndikufuna ndiwachitire chilungamo, chifukwa anthu oyambitsa zinthu timafulumira kuwaweruza zikayamba kuvuta. Munthu yemwe adanyamula yekha mipando chionetsero chilibe dzina amazolowera kuganiza yekha ndi kulipira yekha, ndipo malire a pakati pa thumba lake ndi thumba la gulu amafufutika pang'onopang'ono mwini wake osazindikira. Akafunsidwa za ndalama amamva ngati zaka zonse zomwe adavutika zaiwalika. N'kutheka kuti mukawerengera mudzapeza kuti gulu ndilo lili ndi ngongole kwa iwo, ndipo zikatero ngongoleyo ilembedwe ndi kuvomerezedwa poyera. Komabe funso la msungichuma lidali loyenera, ndipo kuliyankha ndi funso lina lakuti "mukundiyesa wakuba?" kudali kulakwa. Kubweza alendo omwe komiti idavomereza ndi kuchotsa anthu pagulu usiku kudali kulakwa kwakukulu koposa, chifukwa kudaonetsa aliyense kuti zomwe mumagwirizana pamsonkhano zilibe mphamvu. Munthu wogwira ntchito yaulere amakhalapo chifukwa akuona kuti mawu ake akumveka, ndipo akaona kuti sakumveka amachoka, monga adachitira mkulu wa odzipereka uja. Chizindikiro chidali chimenecho chaka chatha, ndipo komiti yonse, osati apampando okha, idachilekerera.

Chomwe chikundimvetsa chisoni n'chakuti nzeru yothetsera vutoli ili m'mabanja mwanu momwe. Agogo athu omwe adabwera ku Salisbury (Harare wa lero) kudzafuna ntchito, makamaka omwe adachuluka m'zaka za chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland kuyambira 1953 mpaka 1963, adali kutali ndi manda a kwawo, ndipo adakhazikitsa masosaiti a maliro m'makomboni monga womwe lero timautcha Mbare. Ambiri mwa iwo sadapite patali ndi sukulu, koma adadziwa kuti wapampando asamasunge ndalama, kuti wosunga ndalama asakhale yemweyo wolemba buku, ndi kuti zopereka ziziwerengedwa mokweza pamaso pa onse pamsonkhano wa mwezi ndi mwezi. Sadachite zimenezi chifukwa chokayikirana. Adali achibale ndi anthu a mudzi umodzi, ndipo adafuna kuti ubalewo usadzathere pa ndalama. Masosaiti ena oterewa akuyendabe mpaka lero eni ake oyambitsa atatsikira kuli chete kalekale. Funsani azakhali anu kuti akubwerekeni malamulo a sosaiti yawo, mudzapezamo zambiri zomwe komiti yanu ikusowa.

Nayonso misonkhano ya okonda nkhani yomwe yakhalitsa padziko lapansi idayenda njira yomweyi. Worldcon, msonkhano wa okonda nkhani zopeka za sayansi womwe udayamba ku New York mu 1939, umakonzedwa ndi anthu odzipereka, ndipo chaka chilichonse umakhala mumzinda wina pansi pa komiti ina. Mamembala ndiwo amavota kusankha malo kutatsala zaka ziwiri, makomiti amapereka malipoti a ndalama pamsonkhano wa mamembala, ndipo lamulo la gululo silisintha pokhapokha litavomerezedwa pa misonkhano iwiri yotsatizana. Mikangano imabuka kumenekonso, ina yaikulu ndithu, koma siipha msonkhano chifukwa palibe munthu mmodzi yemwe akakwiya angachoke nawo.

Choncho nkhani ya ndalama ikangoikidwa m'malo, khalani pansi mulembe malamulo oyendetsera gulu lanu. Sayenera kukhala ambiri. Anene kuti membala ndani ndipo wovota ndani, kuti maudindo amasankhidwa liti ndipo munthu amakhalapo nthawi yotalika bwanji, kuti ndalama sizituluka popanda kusaina kwa anthu awiri mwa atatu, ndi kuti lipoti la ndalama liziwerengedwa pamsonkhano pasanathe mwezi chionetsero chitatha. Anenenso momveka kuti chomwe komiti yavomereza sichingasinthidwe ndi munthu mmodzi, ndi kuti palibe angachotsedwe paudindo kapena pagulu asanapatsidwe mpata wofotokoza mbali yake. Mbali ya odzipereka musaiiwale: chakudya chawo ndi ndalama ya kombi zilowe m'bajeti pamwamba penipeni, zisanalowe za alendo olemekezeka, ndipo pakhale munthu wodziwika yemwe angakadandauleko akanyozedwa. Mukhoza kuwalemba m'Chichewa ndi m'Chingerezi momwe. Chichewa ndi chimodzi mwa zilankhulo 16 zomwe malamulo aakulu a dziko lino a 2013 amazivomereza, ndipo anthu amasunga bwino lamulo lomwe akulimva m'chilankhulo chomwe amakanganira. Kwa apampando, ngati mabuku aoneka kuti ndi oyera, sindikuona cholakwika kuwalemba m'malamulomo kuti ndiwo oyambitsa, ndi kuwapatsa ufulu wopikisana nawo pachisankho monga wina aliyense.

Malamulo olembedwa bwino amathandizanso kuti gulu lizindikiridwe ngati chinthu choima pachokha, chokhala ndi katundu wake ndi ngongole zake zosiyana ndi za mamembala, ndipo banki idzafuna kuwaona pamodzi ndi zokambirana za msonkhano womwe udasankha osainira isanakutsegulireni akaunti. Ngati mukufuna kupitirira apo, mukhoza kukhazikitsa trust (bungwe lomwe anthu osankhidwa amasunga chuma m'malo mwa gulu) kudzera mwa loya n'kuilembetsa ku ofesi ya boma ya Deeds Registry, kapena kulembetsa kampani yosafuna phindu pansi pa lamulo la makampani la 2019. Njira iliyonse ili ndi ndalama zake ndi zofunika zake, choncho mufunse loya musanasankhe. Bungwe la Legal Resources Foundation, lomwe lili ndi ofesi mumzinda muno, limathandiza anthu omwe sangakwanitse kulipira loya.

Makiyi a gulu lamasiku ano ali pafoni, ndiye nawonso agawidwe. Tsamba la Facebook limalola kuti anthu angapo akhale ndi ulamuliro wonse, ndipo anthu atatu akhale nawo. Pa WhatsApp dziwani kuti munthu yemwe adatsegula gulu sangachotsedwe ndi ma admin anzake pamene iye akhoza kuwachotsa onse, choncho gulu la komiti litsegulidwe mwatsopano ndi nambala ya bungwe, yomwenso izilandira ndalama za matikiti. Imelo ndi mndandanda wa ogula matikiti zikhale m'manja mwa mlembi ndi munthu winanso mmodzi.

Za kulemba zonse pa Facebook, yankho langa ndi lakuti ayi. Mukatchula munthu kuti ndi wakuba musanaone manambala, akhoza kukusumirani chifukwa chomuipitsira mbiri, ndipo lamulo la 2021 la Cyber and Data Protection Act limaletsa kufalitsa mauthenga abodza pofuna kupweteka munthu. Ngakhale lamulo likadapanda kukhalapo, eni maholo ndi makampani othandiza ndi ndalama mumzinda muno amadziwana, ndipo akawerenga zotukwana zanu sadzasankha mbali, adzangosiya kuyankha mafoni a magulu onse awiri. Izi sizikutanthauza kuti mukhale chete kwa anthu omwe adalipira. Iwo alandire uthenga umodzi, wosainidwa ndi mbali zonse ngati n'kotheka, wonena kuti kugulitsa matikiti kwaima, kuti komiti ikuunika ndalama, ndi tsiku lenileni lomwe adzamve chotsatira.

Za chionetsero chopikisana pa masiku omwewo ndikukananso. Anthu okonda zinthu zimenezi ku Harare si ochuluka kwambiri, ogulitsa ndi omwewo, ojambula ndi omwewo, ndipo mukawakakamiza kusankha pakati pa maholo awiri tsiku limodzi, onse awiri adzakhala opanda anthu. Dzina lofananako lidzasokoneza omwe adagula kale matikiti, ndipo kutenga manambala awo a foni n'kupita nawo ku gulu latsopano iwo osavomereza kukhoza kukupalamulitsani mlandu pa lamulo la 2021 lomwe ndatchula lija. Koma sindikuti mukhale pamenepo zivute zitani. Apatseni apampando tsiku lomaliza loti abweretse mabuku, ndipo tsikulo lilembedwe. Akakana, tulani pansi udindo ndi kalata yaifupi, yopanda mnyozo, yonena kuti simungapitirize kukhala mlembi wa gulu lomwe ndalama zake simungazifotokoze. Ogulitsa omwe akukuimbirani muwauze zomwe mukudziwa zokha ndi kuwalozera kwa yemwe adalandira ndalama zawo. Ngati pambuyo pake inu ndi anzanu mudzafune kuyamba chanu, chikhale cha dzina lina, nyengo ina, ndipo malamulo ake alembedwe tikiti yoyamba isanagulitsidwe.

Kope lanulo mulisunge bwino, ndipo masamba ake muwajambule ndi foni lero lino. M'menemo ndimo muli umboni wakuti komiti idavomereza kuitana ojambula a ku Bulawayo, ndi wakuti odzipereka adalonjezedwa chakudya ndi ndalama ya kombi. Musaligwiritse ntchito poopseza munthu. Mupite nalo kumsonkhano kuti pamene anthu akukumbukira mosiyana, muwerenge zomwe zidalembedwa tsikulo. Ngongole ya anyamata ndi atsikana a pageti aja ilowe pamndandanda wa ngongole za gulu, ndipo wina apite kwa mkulu wawo uja kukapepesa pamaso. Ojambula awiri aja nawo alandire foni yopepesa kuchokera ku komiti.

FUNSO

Akonzi,

Ndine mnyamata wa zaka 19 ndipo ndimathandiza pageti pa chionetsero cha okonda masewera a pakompyuta mumzinda muno. Akuluakulu athu awiri sakulankhulana, ndipo aliyense akunditumizira mauthenga kuti ndizimuuza zomwe mnzake akunena. Mmodzi wa iwo wandiuza kuti tsiku la chionetsero ndalama za pageti ndidzampatse iye pamanja, osati msungichuma, ndipo ndisauze munthu. Ndikuopa kuti ndikakana sadzanditenganso, chonsecho ndimayembekezera kuti adzandilembera kalata yondichitira umboni ndikamafuna ntchito. Kodi n'kulakwa kumvera wamkulu?

Wodzipereka, Epworth

YANKHO

Achimwene,

Kumvera wamkulu n'kwabwino, koma pempho lomwe labwera ndi mawu akuti "musauze munthu" pa nkhani ya ndalama za gulu ndi loti mulikane, ngakhale wopemphayo akhale wamkulu chotani. Ndalama zikadzasowa, akuluakulu awiriwo adzakhala ndi pothawira, pamene inu mudzakhala munthu womaliza yemwe anthu adakuonani mutanyamula chikwama. Kalata ya umboni yomwe mukuiyembekezera singakuthandizeni dzina lanu likamveka pa mlandu wa ndalama, ndipo mumzinda muno nkhani zotere zimayenda msanga.

Mungathe kukana popanda mwano. Lembani pagulu la onse funso lachidule lakuti, "Chonde komiti itiuze kuti ndalama za pageti tidzapereka kwa yani ndiponso nthawi yanji." Simunatchule munthu, simunaneneze wina aliyense, koma yankho lidzabwera poyera, ndipo ngati wamkulu uja adzakukumbutseni pempho lake, mudzangoti mukutsata zomwe komiti idalemba. Ngati pagulupo palibe yankho lomveka kufikira tsiku la chionetsero litayandikira, pemphani kuti akupatseni ntchito ina yosagwira ndalama, monga kulondolera anthu kapena kuyang'anira makompyuta.

Mukakhalabe pageti, musakhalepo nokha. Matikiti kapena tizingwe ta pamkono tikhale ta manambala otsatizana, ndipo musanayambe mulembe nambala yoyamba, pomaliza mulembe yomalizira, kuti chiwerengero cha anthu olowa chigwirizane ndi ndalama zomwe zili m'bokosi. Madola a mapepala muwaike padera ndi zolipira za pafoni, ndipo zolipira za pafonizo zisalowe pa nambala yanu ngakhale wina atanena kuti ya bungwe yavuta. Popereka ndalama muwerengere pamaso pa mnzanu wa pageti ndi wolandirayo, nonse atatu musaine papepala limodzi, ndipo pepalalo mulijambule musanalipereke. Musavomere kupita ndi ndalama kunyumba pa kombi usiku.

Za kunyamula mawu, auzeni onse awiri yankho limodzi lofanana, lakuti mumawalemekeza ndipo mukupempha kuti alankhulane okha. Mwina mmodzi adzakukwiyirani kwa kanthawi. Kalata ya umboni mukhoza kuipempha kwa msungichuma kapena kwa woyang'anira odzipereka, ndipo muipemphe chionetsero chikangotha, ntchito yanu idakali m'maso mwawo, yolembedwa papepala la bungwe ndi yonena tsiku ndi ntchito yeniyeni yomwe mudagwira.